Mango, nthochi, mapeyala kapena makadamiya: mitundu yatsopano yoyenera nazale yopikulitsa

Mwini nazale yopikulitsa sayembekezera munthu wodutsa pamsewu amene wakopeka ndi kamtengo kamodzi. Makasitomala ake ndi maesiteti, makopaletivi, mabungwe amene amagawa mbande kwa alimi, makhonsolo, ndiponso eni manazale ang'onoang'ono amene amaoda kuti akagulitsenso, ndipo onsewa amafuna mbande zambirimbiri za mtundu umodzi ndi msinkhu wofanana pa tsiku limene anagwirizana. Popeza kuno ku Malawi nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December ndi kutha pa 15 April, mbande imene sinakonzeke mvula ikamakhazikika imagona m'chubu chaka china chathunthu, ikumwa madzi ndi kudya malipiro a antchito, mizu yake ikupotana pansi. N'chifukwa chake posankha mtundu woti muchulukitse, kutchuka kwa dzina lake kuyenera kubwera pambuyo pa mafunso ena: kodi mbandeyo idzakhala miyezi ingati m'manja mwanu, kodi muli ndi mitengo yodalirika yotengako tinthambi tomezanitsa, ndipo kodi malamulo akukulolani kuuchulukitsa?

Tiyenera kunena poyambirira kuti mitundu yambiri imene alimi athu amaitcha yatsopano ndi yakale kumene inachokera. Peyala la Hass linalembetsedwa ku California mu 1935, ndipo mango a Tommy Atkins, Kent ndi Keitt onse anatulukira ku Florida zaka zoposa 70 zapitazo. Ukale umenewu ndi mwayi kwa mwini nazale, chifukwa makhalidwe a mitunduyi ndi odziwika bwino ndipo palibe amene angakulipiritseni poichulukitsa. Mitundu yatsopano kwenikweni, monga Maluma pa mapeyala kapena Nadorcott pa manachesi, ili ndi eni ake, ndipo nkhani yake ndi ina.

Mango

Ndikuona kuti mango omezanitsa ndiwo ayenera kukhala msana wa nazale yopikulitsa m'madera otentha monga Salima, Nkhotakota, Mangochi, Karonga ndi chigwa cha Shire. Chifukwa chachikulu ndi tsinde, kutanthauza kamtengo ka pansi kamene amamezanitsapo kanthambi ka mtundu wofunikawo. Njere za mango a makolo zimapezeka mosavuta mu November ndi December, nthawi imene zipatso zimaolera pansi pa mitengo, ndipo njere imodzi ya mitundu yambiri ya makoloyi imatulutsa mphukira zingapo zimene zambiri mwa izo zimafanana ndi mtengo umene zachokera. Zimenezi zimapatsa mwini nazale matsinde ofanana, ozolowera nthaka yathu, pa mtengo wotsika kwambiri. Njere za Kent kapena Keitt sizichita zimenezi, pakuti iliyonse imatulutsa mphukira imodzi yosafanana ndi kholo lake, ndipo amene amafesa njere za Kent n'kugulitsa mbandezo ndi dzina la Kent akunamiza mlimi amene adzazindikire patapita zaka zisanu kapena kuposerapo.

Kumezanitsa kwake sikovuta kwa munthu amene waphunzitsidwa bwino. Tsinde likafika kunenepa kwa pensulo amalidula pamwamba n'kuling'amba pakati pang'ono, kenaka amasongola kanthambi mbali ziwiri ndi mpeni wakuthwa, kukalowetsa mumng'alumo moti khungwa la kanthambi ligundane ndi khungwa la tsinde ngakhale mbali imodzi yokha, n'kukulunga ndi kachingwe ka pulasitiki kuchokera pansi kukwera m'mwamba kuti madzi asalowe. Pakatha milungu itatu kapena inayi, maso a kanthambi amayamba kutupa ndi kutulutsa timasamba tofiirira, ndipo kamene kauma kamakhala katada ndi kukwinyika. Kuchokera pofesa njere kufika pogulitsa pamatenga pafupifupi chaka chimodzi, zimene zikutanthauza kuti njere zofesedwa nyengo ino zimagulitsidwa ngati mbande nyengo yamawa popanda kudumpha mvula.

Pa mitundu itatu ija, Tommy Atkins ndi amene amakhululuka zolakwa zambiri. Khungu lake ndi lolimba, amafiira mokopa maso, amapirira ulendo wa pa lole, ndipo sagwidwa msanga ndi matenda a madontho akuda amene amabwera ndi chinyezi, koma ali ndi ulusi pang'ono ndipo kukoma kwake n'kwapakatikati. Kent ndi wotsekemera, wopanda ulusi, wokondedwa ndi opanga madzi a zipatso komanso oumitsa mango, koma m'madera a mvula yambiri monga Nkhata Bay ndi Mulanje amavutika ndi matenda a madontho aja. Keitt ndiye amapsa mochedwa kuposa onse, pamene mango a makolo atha pamsika ndipo mitengo yakwera, ngakhale ali ndi vuto lakuti amakhalabe wobiriwira atapsa, moti ogula osamudziwa amamusiya poganiza kuti ndi wosakhwima. Kukhalapo kwa fakitale ya Malawi Mangoes ku Salima kwachititsa kuti alimi a m'mbali mwa nyanja aidziwe mitunduyi ndi mayina ake, zimene zimapeputsa ntchito ya wogulitsa mbande. Ngati nazale yanu ili ndi malo ochepa, ndingakulangizeni kuika mphamvu pa Kent ndi Keitt, n'kusunga Tommy Atkins kwa makasitomala amene amafuna zipatso zonyamula kupita kutali.

Nthochi za m'labotale

Palibe chomera china pa zimene tikuyerekeza pano chimene chimabweza ndalama msanga ngati nthochi, ndipo chifukwa chake ndi tsoka limene linagwera ulimiwu. Matenda a chisaka, amene anayamba kudziwika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, anafalikira mpaka kuwononga minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, moti lero nthochi zambiri za m'misika ya m'tauni zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Matendawa amafala kudzera mu nsabwe zakuda zimene zimabisala m'makwawa a masamba komanso kudzera mu ana a nthochi otengedwa pa phata lodwala. Nthochi yogwidwa imapinimbira, masamba ake amakhala opyapyala, oimirira ndi othinana pamwamba, ndipo mukayang'anitsitsa pa phesi la tsamba mumaona timizere tobiriwira kwambiri todukaduka. Mankhwala ochiza palibe, koma kuzula phata lonse ndi kudzala mbewu yaukhondo, ndipo apa ndi pamene nazale imapezera msika.

Mwini nazale wamba sapanga yekha mbande zaukhondozi, zimene zimachulukitsidwa m'labotale. Iye amagula timbande tating'ono totuluka m'mabotolo, n'kutilera pansi pa neti ya mthunzi kwa milungu isanu ndi umodzi kufika isanu ndi itatu, mpaka titafika masentimita 20 kapena 30 ndi masamba asanu kapena kuposerapo. Masiku oyambirira ndiwo oopsa, chifukwa timbandeti tinakulira m'chinyezi chokhachokha ndipo mphepo youma ya tsiku limodzi ikhoza kupha gawo lalikulu. Shediyo iyeneranso kukhala yotchingidwa ndi neti yoletsa nsabwe ndiponso yotalikirana ndi nthochi zakale, apo ayi mudzagulitsa chisaka chimene munalonjeza kuthetsa. Kuchuluka kwa oda nakonso kumasangalatsa, pakuti munda wa hekitala imodzi wodzalidwa mamita atatu mbali zonse umafuna mbande zoposa 1,100, pamene mango odzalidwa motalikirana mamita 10 amangofuna 100.

Williams ndi Grand Nain, imene yakhala ikugawidwa kwambiri pa ntchito yodzutsa ulimi wa nthochi, yonse ndi ya banja la Cavendish, limenenso muli kabuthu wathu. Imabereka mikoko ikuluikulu, koma siilimbana ndi chisaka, ndipo ndi bwino kuuza ogula mosabisa kuti mbande yaukhondo ndi yopanda matenda pa tsiku logula basi, osati yosagwidwa. Palinso chiopsezo china chimene chili pafupi ndi ife: matenda ofotetsa nthochi a mtundu wa TR4, amene amakhala m'nthaka zaka zambiri, anapezeka m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 2013, ndipo Cavendish ndiyo imavutika nawo kwambiri. Mtundu wa Formosana, wochokera ku Taiwan, umawapirirako, ndipo ndi umene wakhala ukudzalidwa m'minda imene inagwidwa. Kwa alimi okonda nthochi zophika, mitundu ya bungwe la kafukufuku la FHIA la ku Honduras ndiponso TARIBAN, imene dziko la Tanzania linavomereza mu 2021 kuchokera ku kafukufuku wa mabungwe a zaulimi a IITA ndi NARO ya ku Uganda, ndi yoyenera kuitsatira, makamaka kwa nazale za ku Karonga ndi Chitipa kumene nthochi ndi chakudya chenicheni. Chofooka cha bizinesi ya nthochi n'chakuti mwini nazale amadalira labotale ya ena, ndipo mbande zikakonzeka sizidikira. Zikapitirira mwezi umodzi m'machubu zitakonzeka kale zimatalika, kuwezuka ndi kutaya mtengo.

Mapeyala

Mapeyala ndi a kumtunda kozizirira, monga Thyolo, Mulanje, Zomba, Dedza, Ntchisi, Mzuzu ndi mapiri a Misuku. Hass ndiye amene msika wa kunja umafuna, chifukwa khungu lake lokhakhala limateteza chipatso paulendo ndipo limada chikapsa, koma chipatso chake n'chaching'ono, ndipo wogula wa ku Limbe kapena ku Lizulu amene anazolowera peyala lalikulu la makolo amachiyang'ana monyoza. Choncho nazale imene makasitomala ake ndi alimi ogulitsa m'misika ya m'dziko muno isathamangire Hass yekha. Fuerte, wa khungu losalala lobiriwira, amapsa moyambirira, ndipo Pinkerton amayamba kubereka akadali wamng'ono ndi kupatsa zipatso zazikulupo za njere yaing'ono. Kusakaniza kulinso ndi phindu lina, popeza maluwa a Hass ndi a Fuerte amatseguka pa nthawi zosiyana za tsiku mwa njira yakuti wina amathandiza mnzake kugwira zipatso.

Vuto la mapeyala lili pansi pa nthaka. Mizu yake imaola msanga ndi matenda a Phytophthora pamene madzi akudikha, ndipo nazale imene imaika machubu pa dothi lenileni, kapena kutunga madzi pa dambo lodutsa m'minda ya mapeyala, ikhoza kugawa matendawa m'boma lonse popanda kudziwa. Machubu ayenera kukhala pa thandala kapena pa miyala, dothi lake likhale lotaya madzi, ndipo njere zitengedwe pa zipatso zothyoledwa mumtengo, osati zotola pansi. Ku South Africa, nazale zazikulu zimagwiritsa ntchito matsinde apadera monga Dusa, wa kampani ya Westfalia, amene amapirira kuola kwa mizu, koma kuwachulukitsa kumafuna chilolezo, zipinda za mdima ndi luso limene nazale yaing'ono singalikwanitse poyamba. Chimodzimodzinso Maluma, mtundu wofanana ndi Hass umene unatulukira ku Limpopo ndipo umayang'aniridwa ndi nazale ya Allesbeste ya ku Tzaneen: mtengo wake ndi woimirira, wosatambalala, woyenera kudzala mothinana, koma simungaudule kanthambi kwa mnansi n'kuyamba kugulitsa. Kwa ambiri, Hass womezanitsidwa pa njere za makolo, amene amakonzeka pakati pa miyezi 9 ndi 12, ndiye poyambira pabwino.

Makadamiya

Apa m'pamene pali ndalama zambiri pa mbande imodzi, ndiponso m'pamene mwini nazale angathe kugwa kwambiri. Mbande ya makadamiya imakhala m'nazale chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Njere zake zimamera mochedwa ndi mosiyanasiyana, thabwa lake ndi lolimba moti kumezanitsa kumalephereka kawirikawiri kuposa pa mango, ndipo odziwa ntchitoyi amayamba asenda khungwa mozungulira nthambi imene adzatengeko tinthambi, milungu ingapo asanaidule, kuti chakudya chiunjikane m'menemo. Chubu chiyenera kukhala chachitali, chifukwa muzu waukulu ukapindika pansi mtengowo umadzagwa ndi mphepo utakula kale, pamene mlimi wataya zaka zambiri akuusamalira.

Mitundu yodziwika ndi manambala, monga 816 ndi 849, inachokera ku kafukufuku wa ku Hawaii ndipo imakondedwa chifukwa cha kuchuluka ndi ubwino wa mtedza wa m'kati mwa chigoba. A4 wa ku Queensland ku Australia amayamba kubereka msanga. Beaumont, amenenso amatchedwa 695, ndi wamphamvu, wobereka kwambiri, ndipo ali ndi khalidwe limene eni nazale amalikonda, lakuti nthambi zake zimamera mizu mosavuta, moti amagwiritsidwa ntchito ngati tsinde la mitundu ina; chovuta chake n'chakuti mtedza wake umakakamira mumtengo m'malo mogwa wokha, zimene zimaonjezera ntchito pokolola. Munda wabwino umafuna mitundu iwiri kapena itatu kuti mungu usinthane, choncho amene akuchulukitsa makadamiya sangakhale ndi mtundu umodzi wokha.

Msika wake ulipo, pakuti kuonjezera pa maesiteti a ku Thyolo ndi kumpoto, alimi ang'onoang'ono a ku Ntchisi, Neno ndi madera ena okwera akhala akudzala kudzera m'makopaletivi monga a pansi pa HIMACUL, mgwirizano wa makopaletivi a alimi a makadamiya, ndipo hekitala imodzi yodzalidwa mamita 8 ndi 4 imafuna mbande 312. Komabe mitengo ya makadamiya pa msika wa dziko lonse inagwa kwambiri mu 2022 ndi 2023, ndipo zoterezi zikachitika alimi amaimitsa kudzala pamene mbande zofesedwa zaka ziwiri zapitazo zangokonzeka kumene. Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo pa makadamiya mawuwa akutanthauza kuti musafese zikwi za njere popanda mgwirizano wolembedwa ndi ndalama ya chikole kuchokera kwa wogula.

Malalanje ndi manachesi ndiwadutsa mwachangu, osati chifukwa chosowa msika, pakuti mitengo yambiri ya ku Mwanza ndi Neno yakalamba ndipo ikufunika kulowedwa m'malo, koma chifukwa matenda ake oopsa, monga aja ochititsa masamba chikasu ndi zipatso kukhala zopotoka ndi zowawa, amayenda ndi kadiso kamene mumaphatikiza pa tsinde la mandimu. Popanda mitengo yoyezedwa ndi kusungidwa m'neti yotengako maso, nazale ya malalanje a Valencia kapena Washington Navel imangochulukitsa mavuto. Mitundu yatsopano ya manachesi opanda njere zambiri, monga Nadorcott wa ku Morocco ndi Orri wa ku Israel, ndi yotetezedwa mwamphamvu, ndipo eni ake amawerenga mitengo imene yadzalidwa.

Maluwa okhalitsa

Nazale imene ili pafupi ndi Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu ili ndi msika wina umene anthu a zipatso amaupeputsa, wa mahotela, masukulu, maofesi ndi makontilakitala okongoletsa nyumba zatsopano. Zomera zimene zimachita bwino kuno ndi zija zochokera kum'mwera kwa Africa, monga Agapanthus, Dietes, Strelitzia, Clivia ndi mitundu ya Aloe, chifukwa zimapirira chilimwe chathu chachitali. Zambiri zimachulukitsidwa pongogawa phata, popanda mpeni womezanitsira, ndipo mosiyana ndi nthochi, zikapanda kugulidwa chaka chino zimakula n'kugawidwanso chaka chamawa. Obereketsa a ku South Africa, monga De Wet Plant Breeders, atulutsa mitundu yatsopano ya Agapanthus ngati Twister ndi Fireworks, ya maluwa a mitundu iwiri, oyera ndi a buluu, imene ikugulitsidwa mpaka ku Ulaya, koma nayonso ndi yotetezedwa.

Chenjezo langa lili pa mabuku a malonda a ku Ulaya ndi ku America, amene zithunzi zake zimakopa. Duwa la Geranium lotchedwa Rozanne, limene bungwe la Royal Horticultural Society la ku Britain linalisankha mu 2013 kukhala chomera chopambana pa zaka 100 za chionetsero cha maluwa cha Chelsea, ndiponso mitundu yambiri yatsopano ya Echinacea, Heuchera ndi Hosta, inapangidwira mayiko a chisanu chenicheni ndi dzuwa lofatsa. Mwina ingayesedwe pa phiri la Zomba kapena ku Dedza, koma ku Lilongwe mu October yambiri imapserera, ndipo wopikulitsa amene waitanitsa zikwi zake asanayese zochepa kwa chaka chathunthu akutchova juga ndi mpamba wake. Msika wa maluwa ndi wopapatizanso, moti nazale ziwiri kapena zitatu zikadzaza mtundu umodzi mitengo imatsika nthawi yomweyo.

Malamulo ndi mitengo yotengako tinthambi

Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wa obereketsa mbewu mu 2018 ndi lamulo latsopano la mbewu mu 2022, ndipo pangano la mayiko loteteza mitundu yatsopano ya zomera, la UPOV la 1991, limapereka chitetezo cha zaka zosachepera 25 pa mitengo ndi 20 pa zomera zina. Ngakhale mtundu utakhala wosalembetsedwa kuno, mwini wake akhoza kutsekereza zipatso zake zikafika pa msika wa dziko limene unalembetsedwa, ndipo wovutika amakhala mlimi amene anagula kwa inu. Kuitanitsa tinthambi kapena timbande kuchokera kunja kumafuna chilolezo cha nthambi ya kafukufuku wa zaulimi komanso chiphaso chotsimikiza kuti katunduyo alibe matenda, ndipo kulowetsa ana a nthochi mozemba kuchokera ku Mozambique ndi njira yachidule yobweretsera TR4 m'dziko muno.

Pa mitundu yaulere, chuma chenicheni cha nazale ndi munda wa mitengo yotengako tinthambi, imene mtundu wake unatsimikizika chifukwa inachokera kumalo odalirika monga Bvumbwe, kumene kuli likulu la kafukufuku wa zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo munaiona ikubereka ndi maso anu. Mtengo uliwonse ukhale ndi chikwangwani ndi kulembedwa m'buku, ndipo tsiku lomezanitsa antchito agwire mtundu umodzi kufikira utatha asanayambe wina, chifukwa masamba a Kent ndi Keitt ali aang'ono sasiyanitsika ndi munthu wamba, ndipo mbande zikasakanikirana pa bedi palibe angazilekanitse. Amene akuyamba kumene ndi mpamba wochepa m'dera lotentha angachite bwino kudzala munda woterewu wa mango chaka choyamba, n'kumalera nthochi za m'labotale kuti azipeza ndalama yolipirira antchito podikira kuti mitengoyo ikule. Wa kumtunda angachite chimodzimodzi ndi mapeyala, n'kulowa mu makadamiya pokhapokha atapeza madzi osaphwa mu October, womezanitsa waluso ndi wogula amene wasayina.